Cholinga Chachisanu

"Usawapatse kaye," anatero Mayi Zuwena pawindo loperekera mankhwala. "Afunse ngati adya."

Latifu anafunsa. Msodziyo, amene anali atangotsika bwato kuchokera ku chilumba cha Chisi, anapukusa mutu, poti unali mwezi wa Ramadhani. Mankhwala a likodzo m'mimba mopanda kanthu amazunguza mutu, ndipo munthu akasanza kamodzi sabweranso. Latifu anamuuza kuti akamwe madzulo akamasula kusala kudya.

Mayi Zuwena anali atakhala pawindopo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, opanda satifiketi. Analembedwa ntchito yokolopa, koma wopereka mankhwala atathawira m'tauni iwo anagwirizira, ndipo kugwirizirako kunawameretsa imvi. M'mabuku a ntchito anali akadali wokolopa. Zinkawawawa, ndipo sankabisa.

N'chifukwa chake anasangalala tsiku limene a Pearson, mkulu wa kachipatalako, anawabweretsera Latifu.

"Uyu ndi wophunzira za mankhwala. Mumulembere zolinga zoti akwanitse pa miyezi itatu, ndi momwe muzimuphunzitsira. Akuboma akufuna kuona pepala lanulo."

Akuboma. Patatha zaka zonsezi, wina anali atakumbuka kuti kunyanja ya Chilwa kuli munthu. Mphunzitsi sangamatchedwe wokolopa mpaka kalekale, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Analemba zolinga zisanu m'kope la mdzukulu wawo, nazikopera kawiri kuti zilembo ziwongoke.

Latifu anadza ndi mayina a mankhwala othyola lilime, koma anthu sankawadziwa. Ankati "katatu patsiku" kwa agogo amene wotchi yawo ndi dzuwa. Mayi Zuwena anamuphunzitsa kumangirira mankhwala ku nthawi za swala, mapemphero a Asilamu, ndipo kwa Akhristu, kujambula dzuwa pakathumba. Asodzi ogonera pa zimbowera, timisasa toyandama pakati pa nyanja, mapiritsi awo azikulungidwa m'pulasitiki kawiri. Mayi akabwera ndi mwana mmodzi wa malungo, afunsidwe kuti kunyumba akutentha thupi ndi angati, apo ayi mankhwala a mmodzi adzagawidwa kwa atatu.

Odwala akatha, iwo ankazungulira kunja kwa windo n'kusanduka wodwala: lero wogontha, mawa wamakani, mkuja mtsikana wamanyazi wosafuna kutchula pamene pakupweteka. Latifu ankafotokoza mpaka atuluke thukuta.

"Ndibwereze zomwe wandiuza, mwanawe? Ngati sindingathe, walephera ndiwe."

"Chabwino, amayi," ankatero Latifu, akulemba chilichonse.

Sanamubisire kanthu. Anamuuza ngakhale mabanja amene amakana mankhwala pamaso pa apongozi, ndi mwezi umene mashelefu amauma msewu wa ku Zomba ukaduka ndi mvula. Ankamukonda mnyamatayo, ndipo ankamusungira chinangwa chophika.

Cholinga chachisanu chinali choti ayendetse windo yekha tsiku lathunthu. Anasankha Lolemba, tsiku limene mzere umafika pamjigo. Iwo anakhala pabenchi pakati pa odwala, manja akuwayabwa, akudikira cholakwa. Sichinabwere. Agogo ena potuluka anati, "Koma mwana mwamuphunzitsatu uyu." Mayi Zuwena anapukuta m'maso ndi mpango.

Madzulo omwewo anasaina pansi pa zolinga zonse zisanu, nakapereka pepala ku ofesi, Latifu ali pambuyo pawo.

"Ndiye akuboma ayankha liti za ine, a dokotala?"

A Pearson anapinda pepalalo mosamala, maso ali patebulo.

"Kuboma sitikutumizako kanthu, mayi. Latifu sukulu anamaliza chaka chatha, kuno anachita kutumizidwa pantchito. Tinangoona kuti mukadziwa, simumuonetsa zonse. Makiyi a chipinda cha mankhwala mumusiyire lero."

Mayi Zuwena anacheuka. Latifu anali atatambasula kale dzanja.