Khutu la Mphete

"Chimfine si matenda, alamu, valani botolo mulowe," anatero mwini boti, uku akumwetulira mayi mlendo amene mphete yake inali itagwera m'madzi.

Mlamu wake wosambirayo ankadziwa kuti munthu wa chimfine sayenera kulowa pansi pa madzi. Lamuloli amaphunzitsa alendo ndi iye yemwe. Koma boti linali la mlamu wake, ndipo ntchitoyi anachita kumupemphera ndi mchemwali wake. Anamanga botolo la mpweya kumsana n'kumira.

Mphete ija anaipeza pamchenga. Vuto linayamba pokwera. M'makutu munayamba kuthetheka ngati udzu wouma ukupsa. Zimenezi anazizolowera, umakhala mpweya ukutuluka. Anameza malovu n'kugwedeza nsagwada. Khutu lamanja linatseguka, koma lamanzere linakana, chimfine chitatseka njira. Anafuna kudikira, koma mpweya wa m'botolo unali ukutha. Anakwera choncho. China chake chinaphulika m'mutu, kenaka kumanzereko kunangoti zii.

Anavuuka magazi akuchucha m'khutu, mphete ili m'manja.

"Mwaiona ntchito yathu, mayi?" ananyadira mwini boti uja, osamucheukira n'komwe wosambirayo.

Mayiyo anaitembenuza mpheteyo n'kuseka. "Aa, bambo, mwavutikiranji? Iyi ndi yongotchenera. Yaukwati yeniyeni ndimaisiya kunyumba ndikamabwera kumadzi."

Injini inali ikulira, ndipo wosambirayo anangoona milomo ikuyenda.

"Mwati bwanji, mayi?" anafunsa, akutchera khutu lotsala lija.

"Akuti zikomo!" anakuwa mlamu wake. "Tsukani zovalazo, kukubwera alendo ena."