Maliro a Inspekita Konadu

"Imani pompano!" anakuwa Dufie, n'kutsika takisi isanaimitsitse.

Pakhoma la situdiyo ku Kumasi panali patamatidwa chipepala cholengeza maliro, chofiira ndi chakuda, ndipo nkhope imene inali pamenepo inali ya Dufie. Anawerenga kawiri: Inspekita Konadu, muuse mumtendere. Zaka zonsezi Dufie ndiye wakhala akusewera wapolisi ameneyu pa kanema.

Anaimbira Fiifi, mkulu wa sewerolo.

"Fiifi, mwandipha osandiuza?"

Fiifi anamuyankha pomutchula Maame, kutanthauza mayi: "Mtima m'malo, Maame. Tijambula maliro Loweruka, inu mudzangogona m'bokosi basi. Anthu akufuna nkhope yatsopano."

Dufie anadula foni n'kuyamba kukanda chipepalacho ndi zikhadabo. Mayi wina amene ankaotcha nthochi chapafupi anadzambatuka n'kumumenya padzanja.

"Mulibe manyazi? Asiyeni malemu apume! Ameneyu ankagwira akuba amene apolisi enieni amawalephera."

Dufie anavula magalasi akuda. "Tandiyang'anitsitsani. Ameneyu ndi ine."

Mayiyo anamuyang'ana, kenako anayang'ana chithunzicho, chojambulidwa kalekale sewero litangoyamba. Nkhope yake inagwa, ndipo anamugwira dzanja mwachisoni.

"Kani ndinu mayi ake? Pepani, Maame. Mwataya mwana wabwino."