Anasayina Kasanu Kuti Ayeretse Dzina

Panali bambo wina kwa Nkhulambe ku Phalombe, dzina lawo a Dyson Nampinga, ndipo akuti izi zinachitikadi mu 1998. Bambowa anali atangopuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndalama zawo zopumira zili ku banki ina ku Limbe. Anali mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale choko cha sukulu sanapiteko nacho kunyumba. Chimene ankachiopa koposa ndi kutchedwa wakuba.

Tsiku lina m'mawa kunafika mlendo wa tayi, chikwama chakuda m'manja. Anati ndi Brown, wofufuza milandu wa ku banki. Atakhala pansi anatsitsa mawu n'kunena kuti kwapezeka cheke chabodza chosayinidwa m'dzina la a Nampinga, ndipo akuluakulu akufuna kukaitula nkhaniyo kupolisi. A Nampinga anayamba kulumbira, kutchula zaka zonse zomwe anagwira m'boma popanda banga. Mlendo uja anagwedeza mutu ngati wamva chisoni. Anati iyeyo akuona kuti bambowa ndi osalakwa, n'chifukwa chake wabwera mwakachetechete, osati pa galimoto ya banki, kuti mudzi usadziwe. Kenaka anawonjezera kuti zoterezi kawirikawiri amachita ndi anthu a m'nyumba momwemo, odziwa pamene buku la ku banki limagona.

Njira yodziyeretsera, akuti, inali yosavuta. Anatulutsa mapepala asanu osalembapo kanthu n'kuti a Nampinga asayine m'munsi mwa lililonse, akatswiri akafananize ndi siginecha ya pa cheke chija. Buku la ku banki ndi chiphaso atenganso, azibweza Lachisanu. Koma asauze munthu.

Akazi awo, mayi Zelifa, ankamva zonsezi ali pakhonde. Mayiwa sukulu anailekezera sitandade 4, koma kugulitsa nandolo pamsika wa Migowi kunawaphunzitsa kuwerenga nkhope za anthu. Anawaitanira amuna awo kuchipinda.

"Abambo, munthu uyu sindikumumvetsa. Wa ku banki angabwere pa njinga yahayala, opanda ndi kalata yomwe? Nanga bwanji akungoyang'ana kumsewu? Musasayine. Mawa tipite ku Limbe mukamve kwa eni ake."

A Nampinga anawayang'ana akazi awo nthawi yaitali. Mawu a mlendo aja anali atalowa kale. M'nyumba muno ndani wina amadziwa kuti buku limakhala pansi pa zovala m'sutikesi?

"Inu mukuopa chiyani?" anafunsa. "Kapena mukudziwapo kanthu?"

Mayi Zelifa anatuluka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Bambo aja anasayina kasanu konse, mosamala, lilime lili panja ngati mwana wa mayeso. Anapereka buku, anapereka chiphaso. Ndiye mumve izi anthu inu: anamugwiriranso nkhuku mlendoyo, ati zikomo powateteza. Koma kuphunzira kwina!

Sabata imeneyo m'nyumba munalibe mtendere. Bambo anayamba kukhoma sutikesi, kiyi n'kumayenda naye m'thumba. Mayi akachedwa kumsika, ankawafunsa kuti anakumana ndi ndani. Akagula sopo, ankafuna kudziwa kumene ndalama yachokera. Mayi Zelifa ankangophika, n'kuika chakudya patebulo, n'kutuluka.

Lachisanu linadutsa, Brown osaoneka. Lolemba zii. Lachitatu a Nampinga anakwera minibasi pa Migowi okhaokha. Ku banki anawauza kuti kulibe wantchito wotchedwa Brown, ndipo za cheke chabodza akuzimvera kwa iwowo. A manijala anatulutsa kalata yotayipa bwino. Inkanena kuti a Nampinga akudwala kwambiri, sangayende, choncho ndalama zonse apatsidwe mphwawo amene wabwera ndi buku ndi chiphaso. M'munsi mwake munali siginecha.

A Nampinga anakweza mawu kuti aberedwa. A manijala sanatekeseke. Anati anawaonapo ambiri otuma mbale wawo kudzatapa ndalama, kenaka n'kubwera akulira kuti banki iwabwezere, ndipo umenewo ndi mlandu.

"Bambo, ndikufunsani kamodzi. Siginecha iyi ndi yanu kapena ayi?"

"Ndi yanga."

A manijala anawatumiza kupolisi, ndipo masana onse a Nampinga anathera kumeneko akufotokoza, wapolisi akuwayang'ana mokayika. Anawamasula madzulo, koma wamalonda wina wa pa Migowi anali atawaona akulowa, ndipo nkhani inafika kumudzi iwo asanafike: aphunzitsi agwidwa akufuna kubera banki.

Anafika kunyumba m'mawa mwake. Mayi Zelifa anawapatsa madzi osamba. Bambo anakhala pamkeka, anafotokoza zonse, kenaka anayamba kupepesa. Mayi anawasiya amalize.

"Ndalama zapita, tilima nandolo. Za m'mudzi alankhula atopa. Koma munthu munamuona ola limodzi munamukhulupirira, ine wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri m'nyumba muno munandiyesa wakuba. Chimenecho ndichiike pati?"

A Nampinga anangowerama.

Phunziro: Munthu akabwera kudzakuopsezani kuti banki ikukuganizirani zachinyengo, musanjenjemere. Pitani nokha ku banki mukamve. Musasayine pepala lopanda kanthu, musapereke buku kapena chiphaso, ndipo wokuuzani kuti musauze aliyense ndiye woyamba kumukayikira. Musalole mlendo akudanitseni ndi anthu anu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka makolo athu amene angopuma pa ntchito.