Kadontho Kofiira ka Pimenta

Pimenta adali gone pansi pa nkhokwe, dovu likuchucha, madzi osawafuna n'komwe. Galu amene ankathamangitsa mbuzi za mudzi wonse, lero maso ali psuu, kuuwa kwake kwachilendo. Pamphumi kadontho kofiira kadali kakuonekabe, ka tinta, utoto umene a katemera amapaka galu akamubaya.

Carlota sadavutike kupeza wolakwa. Kumjigo adauza aliyense kuti katemera ndiye wamudwalitsa galu wake. Mwana wa munthu amabayidwa ali khanda n'kuthera pomwepo, nanga galu chaka ndi chaka, thupi lake ndi lachitsulo? Amayi onse adavomera. Ndiye mukuwadziwa akumjigo, pofika masana nkhani idali itafika ku Fonte Boa, ena akuti agalu ayamba kale kufa. Mnzake Bernadete adalumbira kuti galu wake sadzapitanso ku katemera.

Chimene chinkamuwawa Carlota n'chakuti adazichititsa yekha. Amuna ake, a Tomé, poyamba ankakana, ati katemera amapha ukali wa galu, akuba kachewere azidzangolowa m'dimba ngati kwawo. Iye ndiye adawalalatira mpaka adagonja. Chiyambire, a katemera akabwera, a Tomé ankamumanga chingwe Pimenta n'kupita naye okha, akukankha njinga yawo yofiira ija, imene amaikonda kuposa abale awo. Pobwera, kadontho kali pamphumi.

Mwayi wake, pamene galuyo adaluma Vanda, mwana wawo wotsiriza, pakakolo dzana lija, padalibe choopa. Carlota adatsukapo ndi madzi amchere n'kumangapo kansanza. Galu wobayitsa chaka chilichonse angakhale bwanji ndi chiwewe? A Tomé adali ku Kalomwe ndi matumba a kachewere, sadamve.

A Tomé atabwera, Carlota adawapeza akupopa njinga pabwalo, n'kuwasimbira zonse. Adati mawa akawafunsa a katemerawo pamaso, amuuze chimene amaika m'timabotolo tawo. Za Vanda adangozitchula pomaliza, ngati nkhani ya nkhuku.

A Tomé adasiya kupopa. Adamasula kansanza kaja, adayang'ana balalo, adayang'ananso pansi pa nkhokwe. Kenako adanyamula mwanayo n'kumukhazika kumbuyo kwa njinga.

"Mukupita naye kuti, bambo a Vanda?"

"Kuchipatala, ku Ulongwe. Galuyo wina asamuyandikire."

"Koma si wobayitsa?"

A Tomé adangoti Carlota awatengere chingwe chomangirira mwana kuti asagwe panjira.

Carlota adalowa m'kanyumba kogona njinga, mmene sankalowamo kawirikawiri. Chingwe chidali kuseri kwa makasu, pafupi ndi kachitini ka tinta wa njinga. Pamwamba pa kachitinipo padali kamtengo kokulunga nsanza kumapeto, kofiira, ubweya wa Pimenta utamatirira.