Mbale ya Glog

Nkhumba inali itapachikidwa kale pamtengo wa mapulamu pamene Radojka anasolola kalata ya kuchipatala m'thumba la epuloni. Anasankha dala tsiku lophera nkhumba, pabwalo pali anthu.

Kalatayo inalibe chabwino. Mafuta m'magazi a mwamuna wake, Budimir, anali atakwera kuposa chaka chatha, chaka chimene mkuluyo anagwa pakhomo la tchalitchi atagwira pachifuwa. Dokotala sanabise mawu: akadzagwanso, sadzadzuka.

Kuyambira pamenepo Radojka sanapume. Nyama yamafuta anailetsa patebulo. Anakwera mapiri onse ozungulira mudzi kuthyola glog, tizipatso tofiira tam'minga timene nkhalamba iliyonse kuno imalumbira kuti timatsuka mtima. Manja ake anali zipsera zokhazokha. M'mawa uliwonse ankatiwiritsa, n'kutikanya ndi uchi, nthangala zili momwemo, n'kudzaza mbale. Budimir ankainyamula popita ku ntchito zake zapakhomo, ndipo inkabwera yoyera ngati yotsuka. Masiku ena ankapempha yowonjezera.

Nanga mafutawo ankachokera kuti? Radojka anali atadziwa. Ankachokera kuseri kwa mpanda, kwa Stojanka, mkazi wamasiye, mnzake wa zaka makumi anayi, amene tsopano anali phee patebulo akusenda adyo ngati mngelo.

"Anzanga, tawerengani apa," anatero Radojka, akumenyetsa kalatayo pa adyo.

"Magalasi ndasiya kunyumba."

"Koma popatsira amuna a eni nyama yamafuta pampanda mumaona bwinobwino! Anu aja munawapha ndi chiwaya, pano mwayamba anga?"

Stojanka anaika mpeni pansi. "Ine? Ndidyetse chinkhalamba ichi? Ndi mimba yakeyi? Ndikanafuna mwamuna, ndikanasankha wotha kuona nsapato zake!"

Amuna amene ankamwa rakiya, kachasu wa mapulamu, pafupi ndi moto anaseka mpaka kutsamwa. Budimir yekha sanaseke. Maso ake anali ofiira chiyambire m'mawa, pamene nkhumbayo inagwetsa amuna anayi isanagonje.

"Mayi, pali anthu pano," anatero motsitsa. "Mbale ija mumaiona nokha mmene imabwerera. Mwina mankhwala anuwo sagwira basi."

"Sagwira? Agwira bwanji wina akuthira mafuta kumbuyo?" Radojka anatembenukira kwa mnzake uja. "Ndakwawa m'minga chaka chathunthu kuti ndisakhale ngati inu. Tulukani pakhomo panga. Soseji wa chaka chino mudzangomumva fungo."

Stojanka anavula epuloni, n'kuipinda bwinobwino, n'kuyamba ulendo wa kugeti mutu uli m'mwamba. Palibe anamuletsa. Ena anali atayamba kale kunong'onezana kuti mpanda ujatu ndi waufupi.

"Taimani kaye, mayi Stojanka," anaitana Milutin, mkulu wopha nkhumba m'mudzimo, amene nthawi yonseyi anali atawerama pa beseni la zam'kati. "Tabwerani nonse mudzaone."

Anang'amba chifu. M'besenimo munangoti khuthu nthangala za glog, zodzaza manja awiri, zina zidakali ndi makoko ofiira. Kenako ananyamula mtima wa nkhumbayo n'kuutembenuza padzuwa.

"Ndapha nkhumba zaka makumi atatu," anatero, "koma mtima wokongola chonchi sindinauonepo."

Radojka anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali.

"A Milutin," anatero, "mpeniwo musautsuke kaye."