Mmisiri Amene Anawongola Timipira ta Apongozi

Panali munthu wina, mmisiri wowongola magalimoto ogundidwa, amene anzake ankangomutcha Nyundo. Luso anali nalo, tisanamizane. Akuti minibasi ina inagubuduzika kasanu, iye ataiwongola mwini wake anaidutsa katatu pagalaja akufunsa kuti galimoto yake ili kuti. Vuto lake linali limodzi. Akaona kadzenje pa chinthu chilichonse, ngakhale pa poto wa mkazi wake, manja ankamuyabwa.

Apongozi ake aamuna anali munthu wa masewera a gofu. Zaka zisanu ndi ziwiri chimukwatireni mwana wawo anali asanamutumepo ngakhale machesi. Ndiye Lachisanu lina anangofika okha pakhomo, kathumba kali m'manja.

"Akamwini, mawa tili ndi mpikisano. Munditsukire timipira iti, ndipo mubwere mudzandinyamulire chikwama. Kuli mnzanga wina wa malole khumi ndi awiri, akusaka mmisiri. Ndamuuza za inu."

Nyundo analandira ndi manja awiri, mtima uli dyokodyoko. Apongozi atapita anakhuthulira patebulo, n'kugwira pakamwa. Tina tinali tachikasu ngati mano a wosuta fodya, tina tokalikakalika, ndipo tonse timaenje thupi lonse.

"Mayi a ana, bambo anu akuvutika chonchi ife tilipo?"

Mkaziyo anati, "Sopo, madzi ofunda ndi kansalu, basi. Ndakula ndikutsuka timeneti ine. Chikasucho ndi dzuwa ndi kukhalitsa m'madzi, sichichoka. Zokalikazo ndi mchenga, mitengo ndi mizere yakuthwa ya ndodo zachitsulo zomenyera zija. Ababa amakonda ta khungu lofewa chifukwa timawamvera akafika pafupi ndi dzenje lolowetsamo kampira, koma sitichedwa kusupuka. Kong'ambika mukapatule, sikapitanso kumpikisano."

"Nanga maenjewa?"

"Timabwera choncho kuchokera kusitolo."

"Kusitolo! Zaka makumi awiri ndili pa ntchito imeneyi, chinthu chogundidwa ndingachisowe? Inu dziwani za sopo, za maenje mundisiyire."

"Ndanena ine," anatero mkaziyo, n'kubwerera kuzochapa zake.

Nyundo anathamangira kugalaja. Anakanda fila, phala lija amamatira pogundidwa pa galimoto, n'kutseka kadzenje kalikonse. Anapala ndi sandipepa, n'kupopera penti woyera katatu. Timipira tinatuluka tosalala, tonyezimira. Akuti nkhuku ya pakhomo loyandikana inabwera n'kufungatira kamodzi, anachita kuichotsa ndi tsache.

M'mawa mwake anthu anali atadzaza poyambira mpikisano. Wa malole uja analipo, chipewa chili pamphumi. Itafika nthawi ya apongozi, Nyundo anadumpha.

"Musawerame bambo, msana. Ndikuikirani ine."

Apongozi magalasi anali atawaiwala m'galimoto. Anangoona choyera mbee pa udzu, n'kunena, "Koma mwatsuka, akamwini."

Anakoka ndodo, phaa! Kampira kanadzuka ngati nkhuku yonyowa, kanapepesukira kumanzere ngati kaledzera, n'kugwa poti mwana akhoza kufikapo ndi mwala. Fumbi loyera linawathira thalauzi lonse. Anthu anadziletsa kuseka chifukwa cha ulemu. Pamene anakamenya kachiwiri kanasweka chikhungwa ngati dzira lowiritsa, ulemu unathera pomwepo. Wina anachita kukhala pansi ndi kuseka.

"Achimwene, mwayamba kusewera ndi mazira?"

Wa malole anatola kampirako, anakakanda ndi chikhadabo, n'kununkhiza.

"Uyu ndi fila. Uyu ndi penti wa galimoto. Timaenje tija ndi timene timagwira mphepo kuti kampira kauluke patali, kowongoka. Wachita zimenezi ndani?"

Woyang'anira mpikisano anafika n'kunena kuti kampira kosinthidwa nkosaloledwa, ndiye mkuluyo watuluka mumpikisano. Apongozi, munthu wa zaka makumi atatu pa gofu, wosadzudzulidwapo ngakhale kamodzi, anavula chipewa pamaso pa anzake.

"Ndine wolakwa," anatero motsitsa mawu. "Ndinagula kwa munthu wa mumsewu. Ukalamba, maso atha."

Apa ndi pamene Nyundo analakalaka nthaka itang'ambika. Nkhalamba ikunama pagulu kuti imubise iye! Anaika chikwama pansi, manja kumbuyo.

"Sanagule mumsewu. Ndine, mabwana. Ndimayesa ndi togundidwa."

"Tonse?" anafunsa wa malole. "Timaenje mazana atatu pa kampira kamodzi, tofanana ndendende, inu n'kumati ndi ngozi?"

Wa malole anagudubuza kampirako m'manja, n'kupitiriza.

"Amisiri, dzanja muli nalo, kusalala ndakuona. Koma matayala a malole anga ali ndi mizere yambirimbiri. Ndikuopa mungandimatire."

Ntchito ya malole inafera pomwepo. Pobwerera apongozi anatenga mkamwini wawo kukamutula kwawo. Atafika pageti anaimitsa galimoto, maso ali kutsogolo.

"Akamwini, mukamuuze mwana wanga kuti sabata yamawa adzatsuke yekha."

Phunziro: Kudziwa ntchito yako sikudziwa ntchito zonse, ndipo wokuchenjeza nthawi zambiri umadya naye mbale imodzi. Kampira ka gofu kakada katsukeni ndi sopo, kakang'ambika kapumitseni. Ngati mukuphunzira kumene ndipo mumamenya mitengo kuposa udzu, gulani ta khungu lolimba, tofewa musiyire akatswiri. Koma timaenje musatikhudze! Tumizani nkhaniyi kwa akamwini onse amene mukuwadziwa, asanapatsidwe kathumba.