Unyolo wa pa Tsanya

A Mukela anazunguliza unyolo kawili pa mtengo wa tsanya, kenako anaupisa m'mawilo a thilela, ngolo yachitsulo yonyamulila boti lawo. Anatseka maloko awili. Anaigwedeza mwamphamvu. Sinasunthe.

Iyi inali thilela yachiwili. Yoyamba inasowa chaka chatha pa dooko lomweli la mtsinje wa Luangwa, iwo ali pamadzi kuwedza. Patapita miyezi itatu anaiona ku Ndake itakhomedwa matabwa pamwamba, ng'ombe ziwili zikuikoka. Mwini ngoloyo anangoseka, nati anaigula ku Petauke. Apolisi anafunsa mapepala, ndipo a Mukela analibe. Botilo, limene anachoka nalo kwawo ku Mongu pamene anatumizidwa kudzaphunzitsa ku Nyimba, linakhala pabwalo miyezi isanu ndi umodzi, nkhuku zikuikilamo mazila.

Mlamu wawo, amene anawabweletsa pa galimoto, anali atabwelela kale atawathandiza kutsitsila boti kumadzi. Anati adzawatenga madzulo.

Akutola nkhafi ndi mbedza, panafika Josphat, mlimi wa thonje amene munda wake unathela pa tsanya pomwepo. Anali ndi ng'ombe ziwili koma analibe ngolo. Anawapatsa moni, ananjuta, nayamba kusisita tayala.

"Matayala awa, bambo! Pa ngolo angathe zaka khumi."

"Mukawakhudzanso, a Josphat, dzanja limenelo mulisiya pompano."

Josphat anaseka, napukuta dzanjalo pa buluku, nabwelela kumunda kwake. A Mukela sanaseke. Anatsika gombe lalitali, nakankhila boti m'madzi.

Nsomba sizinadye tsikulo. Mwina zinadya, koma maso awo sanali pa chingwe. Dzuwa litafika pamutu anapinda mbedza, natembenuza boti.

Asanafike pa dooko anamva chitsulo chikulila pa miyala. Pafupi ndi dookolo panali kamtsinje kouma kolowa mu Luangwa, kamene ngolo za m'midzi zimadutsamo m'chilimwe. M'menemo ndi mmene anaiona thilela yawo. Josphat anali kutsogolo, atakoleka mpini wa thilelayo paphewa, akukoka ngati ng'ombe. Chidutswa cha unyolo chinali kukhwekhweleza pamchenga. Nkhwangwa inali pamwamba pa thilelayo.

A Mukela sanakuwe. Anakocheza boti, natenga nkhafi. Inali ya mtengo wolimba, yaitali kuposa iwo eni. Anayenda pamchenga opanda nsapato.

Josphat anawaona atafika kale pafupi. Anali wefuwefu, thukuta lili chuchuchu. Anatula thilela, naloza kumtunda.

"Bambo, mwabwela! Uko..."

Nkhafi inam'peza pakamwa. Anagwa chagada, mano awili atatsala pamchenga. Anayesa kudzuka. Yachiwili inatela m'nthiti, ndipo china chake chinathyoka mkati. Anakweza dzanja kuti atchinge kumaso.

"Ndi lomweli?" anafunsa a Mukela. "Iwe, dzanja lija ndi lomweli?"

Analimenya pamwamba pa chigongono. Linapindika pamene dzanja silipindika. Josphat anafuna kulankhula, koma m'kamwa munali magazi okhaokha. Panatuluka thovu lofiila basi. Anakwawila pansi pa thilela. A Mukela anam'gwila mwendo, nam'kokela poyela. Anam'menyanso kumsana, ndi m'miyendo, mpaka nkhafi inang'aluka.

Pa zaka makumi awili ndi zitatu za uphunzitsi sanamenyepo mwana wa munthu. Anataya nkhafiyo, nazungulila thilela. Matayala onse awili anali bwino. Magetsi akumbuyo sanasweke. Anatola nkhwangwa ija, naiponya kutali.

Mai wina anatsetseleka pa gombe, chitenje chili m'manja. Anali Keziah, mkazi wa Josphat. Sanalile. Anagwada, nanyamula mutu wa mwamuna wake, nayamba kum'pukuta pakamwa ndi chitenjecho. Josphat anali kupuma pang'onopang'ono, akulila ngati mwana.

"Amai, mwamuna wanu ndi mbala," anatelo a Mukela. "Galimoto ikabwela apita ku polisi. Chipatala adzachiona pambuyo."

Keziah sanawayang'ane.

Ulendo uno a Mukela sanafune zoti apolisi awafunse umboni iwo n'kungoti kukamwa yasa. Maloko aja ndi mbali ina ya unyolo zinatsala pa tsanya. Anavala nsapato, nayamba kukwela gombe kuti akazitenge. Linali lalitali, ndipo anapumila kawili.

Atafika pamwamba anaima.

Udzu wonse unali utatha. Anthu osaka mbewa anali atayatsa tchile, ndipo moto unali utadutsa kale, kusiya dziko lakuda mpaka kumsewu. Mtengo wa tsanya unali kuyakabe. M'munda mwa Josphat, mabelo anayi a thonje, zokolola za chaka chonse, anali kufuka utsi.

Mawu a Keziah anachokela kumunsi, osakweza.

"Ndinamuuza kuti tiyambe tachotsa thonje. Iye anati katundu wa mlendo sangapsele pamunda pake."